Manyazi Awiri a aZakeyo Njobvu

AZakeyo Njobvu tinawaika m'manda Lachiwiri lina mu Julaye chaka chino cha 1998, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Ndikadakhala chete monga ndakhalira pa maliro ena ambiri, koma pamanda paja panalankhulidwa bodza, ndipo analilankhula ndi munthu wovala jekete, Baibulo lili m'manja, anthu n'kumagwedezera mitu. Mkulu wina wochokera ku mpingo waukulu, amene sanadyepo ndi malemuwa ngakhale mbatata imodzi, ndiye anapatsidwa mpata wonena mbiri. Anayamba bwino. Kenaka anati malemuwa anali ndi lilime losamangika, moti tsiku lina anaulula matenda a mayi wamasiye pamaso pa akulu a mpingo, koma zonsezo tizisiye m'manja mwa Mulungu. Mayi wamasiye amene ankanenedwayo, amake Dalitso, anali atakhala pansi pafupi pomwepo, atavala bulauzi yoyera ya amayi a Lachinayi. Sanadzutse mutu.

Ine ndakhala mlembi wa tchalitchi chathu chaching'ono, cha m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Kanakantapa, kuyambira chisanafoleredwe ndi malata. Mabuku onse a misonkhano ya akulu ali kwa ine, m'bokosi lachitsulo, ndipo palibe tsamba limene linang'ambidwa. Ndilemba zimene zili papepala ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Nkhaniyi ikukhudza dzina la munthu wakufa, komanso malo a munthu wamoyo pa gome la Ambuye, ndipo wamoyoyo ndiye akuvutikabe nayo.

AZakeyo anachokera kum'mawa, cha ku Katete, monga ambiri a ife. Anaphunzitsa ana m'masukulu a pulayimale zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito anapempha malo kwa eni nthaka kuno, kufupi ndi Chalimbana. Akazi awo anali atamwalira kale. Ankalima chimanga, mbatata, ndi mizere iwiri ya nzimbe imene sankalola munthu kuikhudza. Anali aatali, owonda, oyenda mowongoka ngati ameza mpini. Chipewa chawo chansalu chinkachoka kumutu pa malo atatu okha: pakhomo la tchalitchi, podutsa pamanda, ndi polankhula ndi mayi aliyense, ngakhale wogulitsa makala pamsewu.

Ali mnyamata anakhalako zaka ziwiri ku sukulu ya ubusa, koma sanamalize. Anthu ankanena zifukwa zosiyanasiyana. Kalata yowachotsa ndili nayo, anandipatsa okha kuti ndiwasungire chifukwa kwawo chiswe chinkavuta. Imanena mwachidule kuti anatsutsa mphunzitsi m'kalasi, anauzidwa kuti apepese, ndipo anakana katatu. Ndinawafunsapo ngati amadandaula. Anandiyankha kuti mphunzitsiyo anali atalakwitsadi, n'kusintha nkhani. Chimene anatuluka nacho kumeneko ndi kabuku ka Chipangano Chatsopano m'Chigiriki, kokutidwa ndi chidutswa cha chubu cha njinga, kamene sikankachoka m'thumba la jekete lawo. Ndicho chifukwa chake anthu a kuno ankawatchula kuti Ba Chigiriki. Iwo ankaonetsa ngati dzinalo likuwanyansa, koma munthu akaitana nalo ankacheuka msanga kuposa akaitana dzina lawo lenileni.

Sindibisa kuti anali ovuta. Anakangana ndi kwaya zaka zitatu chifukwa cha nyimbo imodzi imene ankati oimbawo amaithamangitsa ngati minibasi yothawa apolisi. Abusa achinyamata amene ankabwera kudzatidyetsa Mgonero kamodzi pa miyezi itatu ankalalikira diso limodzi lili pa thumba la aNjobvu, ndipo dzanja likangolowa m'thumbamo liwu la abusa linkayamba kuchepa. Komabe sanawadzudzulepo pagulu. Ankadikira anthu abalalike, n'kudzipereka kuti awaperekeze kukakwera galimoto, ndipo ulendo wonse wa kumsewu abusa ankabwerera m'kalasi. Ine ndemwe anandivutitsa kwambiri. Ankawerenga buku langa la misonkhano pensulo ili m'manja. Nthawi ina sitinalankhulane mwezi wathunthu chifukwa ndinalemba kuti akulu anapempha, iwo akuti akulu analamula. Nditafunsa ena amene analipo ndinapeza kuti olondola anali iwo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Cholakwa chawo chachikulu ndichitchule tsopano, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ankakonda kumva Chigiriki chikutuluka m'kamwa mwawo. Akafuna kuphunzitsa chinthu ankayamba ndi liwu lachilendolo, n'kukhala chete kanthawi akuyang'ana nkhope zathu zosokonezeka, ngati munthu amene akutafuna nyama yonona pang'onopang'ono, ndiye pambuyo pake n'kumasulira.

Liwu limene ankalikonda kuposa onse linali aidos. Lili m'kalata yoyamba ya kwa Timoteo, pa vesi lonena za kavalidwe ka akazi, pamene Baibulo lathu linaika liwu loti manyazi. Vesi limenelo kuno linkawerengedwa kawirikawiri, ndipo nthawi zonse wowerenga anali mwamuna atatembenukira kumanzere, kumene kumakhala amayi. ANjobvu ankati chilankhulo chathu chili ndi dengu limodzi pamene Agiriki anali ndi madengu awiri. Manyazi ena amabwera chinthu chitachitika kale: munthu wagwidwa ndi chimanga cha mnzake m'thumba, anthu amuzungulira, maso ake ali pansi. Manyazi amenewo amayang'ana mwini wake, amafunsa kuti anthu andiona bwanji, ndipo Agiriki anali ndi dzina lake lina. Koma pali manyazi ena amene amafika chinthu chisanachitike, popanda ndi mmodzi yemwe wokuona. Dzanja latambasuka kale pa chimanga cha mnzako, ndiye limabwerera lokha, osati poopa kugwidwa, koma chifukwa wakumbukira kuti mwini mundawo ndi munthu, ndipo pamwamba pa munthuyo pali Mulungu. Amenewo ndiwo aidos. Ankati ndi amene amachititsa mwamuna kutsokomola ndi kuodira asanafike pamtsinje pamene amayi amasamba. Ndi amenenso amachititsa mkamwini kupatuka m'njira akaona apongozi ake, osati chifukwa walakwa kanthu, koma chifukwa akuwaona kulemera.

M'kabuku kawo liwu lomwelo linkapezekanso m'kalata ya kwa Ahebri, pamene pakunenedwa mmene tonse tiyenera kutumikira Mulungu. Ankavomereza okha kuti mabuku ena a Chigiriki ali ndi liwu lina pamenepo, pakuti sankabisa chimene chikuwatsutsa. Koma ankafunsa kuti ngati chovala chimenechi chinasokedwera amayi okha, bwanji chikutikwana tonse tikaima pamaso pa Mulungu. Zimenezi ankazinena kwa ife ochepa, pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Mpingo wonse unali usanalimvepo liwulo mpaka chaka cha 1993.

Amake Dalitso, dzina lawo Esnati Daka, anaferedwa amuna awo m'chaka cha chilala. Amuna awowo ankagwira ntchito ku Lusaka, anabwerera kumudzi atawonda, anadwala nthawi yaitali, namwalira. Anawasiyira ana atatu, apongozi okalamba osaona bwino, ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje. Madzi atathawira pansi, chitsime cha m'dimbamo chinakumbidwa mozama, moti munthu ankatsika pa makwerero osemedwa m'dothi n'kukwera ndi chigubu pamutu. Njira ya anthu opita ku chigayo imadutsa pompo. Amake Dalitso anayamba kuvala ovolosi yabuluu ya malemu amuna awo pothirira matimati.

Amene anabweretsa mlandu kwa akulu ndi alamu awo, aLingisoni Daka, akulu ake a malemuwo, amenenso anali mkulu wa mpingo. Anati mayiyu wavala chovala chachimuna, chovala cha wakufa, masana anthu akuona, ndipo alibe manyazi. Anapempha kuti avulidwe bulauzi ya amayi a Lachinayi ndi kuletsedwa Mgonero chaka chathunthu. Tonse tinkadziwa kuti aLingisoni ankalifuna dimba lija, koma zimenezo palibe analankhula, choncho m'buku mulibe.

Tinakumana Loweruka masana, mu Ogasiti, m'tchalitchi momwemo. Mawindo anali opanda magalasi, ndipo panja amayi anayi ankazira khonde. Amake Dalitso anaitanidwa, anagwada pafupi ndi khomo, nafunsidwa. Anayankha mawu ochepa. Anati chitenje chikanyowa chimamatirira thupi, ndipo pokwera kuchokera m'chitsime chimatseguka, pamene amuna akudutsa m'njira pamwamba pomwepo. Anauzidwa kuti akadikire kunyumba. ALingisoni anawerenga vesi lija mokweza, nakhala pansi. Pamenepo aNjobvu anaimirira, dzanja lili m'thumba.

"Inu mukuti mayi uyu alibe manyazi," anatero. "Ine nikuuzani lero kuti mayi uyu ali na aidos."

Ndiye anakhala chete monga mwa chizolowezi chawo, akuyang'ana nkhope zathu. Ndikukumbukira kuti m'kanthawi kameneko phokoso la mwala wozirira linaleka pakhonde.

Amene adzawerenge izi patsogolo ayenera kudziwa mmene zaka zimenezo zinalili. Pachipatala ndi pasitolo panali mapepala omatidwa okhala ndi zilembo zinayi zazikulu za matenda atsopano aja. Wailesi inkati edzi, koma anthu ambiri a kuno, powerenga zilembozo monga timawerengera chilankhulo chathu, ankati aidzi. ANjobvu anali ataguluka mano akutsogolo a m'munsi. Liwu lawo la Chigiriki litatuluka pampata pamenepo, kusiyana kwake kunatsala kochepa kwambiri.

Atatha kukhala chete anamasulira bwino lomwe. Ndili ndi tsamba limodzi ndi theka la zimene ananena. Anati ovolosi ija mayiyu waivala chifukwa cholemekeza thupi lake ndi maso a odutsa, ndipo akuthirira dimba kuti adyetse mayi wa munthu amene akumuimba mlanduyo. Anati ngati m'nkhaniyi muli wosowa manyazi a mtundu umenewu, tisamufune kumanzere. Koma amayi a pakhonde anali atachoka kale, dothi lawo atalisiya m'chidebe. M'katimo akulu awiri anali ogontha pang'ono, ndipo anangogwira chiganizo choyamba. ALingisoni, amene ndinkayembekeza kuti alimbana mpaka dzuwa kulowa, anaimirira mofatsa n'kunena kuti ngati zili choncho nkhani yatha, akuuchotsa mlandu. Ndinalemba kuti mlandu wachotsedwa. Ndinapempha aNjobvu kuti andiuze kalembedwe ka liwulo, ndipo analanda pensulo nalemba okha m'mphepete mwa tsamba, m'zilembo za Chigiriki ndi m'zilembo zathu. Lilipo mpaka lero, zilembo zisanu, chachinayi ndi o. Amene akufuna abwere adzaone. Tsiku limenelo anapita kwawo akuimba chamumtima, poganiza kuti apulumutsa munthu.

Amake Dalitso bulauzi sanavulidwe, ndipo palibe chilango chimene chinalembedwa. Koma matimati awo anayamba kubwerera kuchokera kumsewu dengu lili lodzaza. Lachinayi, iwo akakhala pamphasa, mphasayo inkakula. Pa maliro ena m'mudzimo anauzidwa mwaulemu kuti asiye kuphika, akathandize kutola nkhuni. Ku mjigo mayi wina anatsuka chogwirira ndi mchenga iwo akuona. Anthu ankati si mphekesera ayi, wanena ndi Ba Chigiriki pamaso pa akulu, munthu wophunzira amene sananamepo. Kuona mtima kwawo konse kwa zaka zambiri kunasanduka mwala wopsinjira mayi uja. Ndipo kwa aNjobvu eni palibe anapita kukawauza, chifukwa ankaopedwa. Ine ndinamva tsiku lachisanu, ndipo ndinazengereza masiku ena asanu ndi anayi. Ndalemba zimenezi chifukwa ndi mmene zinalili.

Tsiku limene ndinapita, masana, ndinapeza amake Dalitso atandiyambira. ANjobvu anali pampando pansi pa mango, chipewa chili pabondo, ndipo mayiyo anali atagwada chapatali.

"Atate, sininabwere kuzakangana na imwe," anatero. "Nifuna chabe muniuze amene anakuuzani. Chifukwa ine mwini wake sinidziwa."

ANjobvu anandiyang'ana, osamvetsa. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa mwala wa pakhonde mpaka pa mchenga wa ku mjigo. Sanandidule mawu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Nditamaliza anayang'ana m'kati mwa chipewa chawo nthawi yaitali, ngati muli cholembedwa. Ndinkaganiza kuti ayamba kukalipira umbuli wa anthu, pakuti mpata wake unalipo. Koma anati, liwu lili pansi, "Ninafuna anthu amve kuti nidziwa Chigiriki. Nikanangonena m'chilankhulo chathu." Anauza amake Dalitso kuti palibe anawauza kanthu, ndipo iwo sadziwa kanthu za thupi la munthu aliyense. Mayiyo anawomba m'manja pang'ono, nanyamuka, osanena kuti wakhululuka.

Mgonero wotsatira unali mu Seputembala. Mapemphero asanayambe aNjobvu anapempha abusa mphindi khumi. Abusa anakana, akuti nkhani zotere zimathera kwa akulu. ANjobvu anati nkhaniyi inatulukira pawindo, tsono iyenera kulowera pakhomo, ndipo anakatenga okha bolodi ya Sande sukulu n'kuiimika kutsogolo. Analemba liwu lija m'zilembo zazikulu, nazunguliza o ndi choko kawiri. Nthawi imeneyi anayamba ndi kumasulira. Ananena za dzanja lobwerera pa chimanga, za kuodira pamtsinje, za chitsime ndi njira ya ku chigayo. Kenaka anati iwo ndi amene anasowa manyazi oyamba aja, chifukwa anasewera ndi dzina la munthu kuti aoneke ophunzira, ndipo tsopano atsala ndi manyazi achiwiri, a munthu wogwidwa. Anaika choko pansi, anatembenukira kumanzere, nagwada maondo onse awiri pa simenti. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene anataya ubusa chifukwa chokana kupepesa, anapepesa kwa mayi wothirira matimati, akumutchula dzina.

Amene anayamba kulankhula ndi aLingisoni, ali chikhalire.

"Tamva, Ba Njobvu, Chigiriki tachimva. Manje tiuzeni poyera kuti mitima ikhale pansi. Adwala kapena sadwala?"

ANjobvu anadzuka movutikira, atagwira bolodi. "Icho sinidziwa, Ba Daka, ndipo si changa chodziwa. Si chanu chomwe. Mukanakhala na chimene nalemba apa, funso limenelo likanabwerera pakhosi."

Ambiri anakhumudwa ndi yankho limenelo, ndipo amake Dalitso anandiuza patapita zaka kuti nawonso linawawawa. Liwu limodzi loti sadwala likanatha nkhani yonse tsiku lomwelo. Ine ndinawafunsa pobwerera chifukwa chimene sanalinene. Anati choyamba likanakhala bodza, pakuti sankadziwa. Chachiwiri, m'tchalitchi momwemo munali amayi amene ana awo anali chigonere m'nyumba, obwera kuchokera ku tauni, ndipo amayiwo ankamvetsera kuti adziwe ngati mpingo umalandira munthu pokhapokha atatsimikiza kuti ndi woyera magazi. Anati sungasambitse munthu mmodzi pothira litsiro lake pa ena.

Koma chimene anthu a kuno anayenera kunena pamanda ndi chimene chinachitika ola lomwelo, Mgonero utayamba. Kwathu chikho ndi chimodzi. Chimayambira kumanja kwa abambo, n'kuwolokera kumanzere kwa amayi, benchi ndi benchi mpaka kumbuyo. Tsiku limenelo, popanda wolamula, amayi anali atakhala mwanjira yoti amake Dalitso atsalire pa benchi yomaliza, kumapeto, kuti pasakhale womwa pambuyo pawo. Chikho chitafika kwa aNjobvu anachipatsira kwa mnzawo osamwa. Ena anaganiza kuti akudzilanga. Chitawolokera kwa amayi, iwo ananyamuka, nayenda m'kanjira ka pakati ndodo ikugogoda, mpaka kumbuyo, nakhala pa benchi ya amayi, pakati pa amake Dalitso ndi khoma. Mayiyo atamwa anagwira nsonga ya chitenje kuti apukute mlomo wa chikho. ANjobvu anagwira chikhocho asanapukute, anachitembenuza mpaka pamene panali pamlomo pa mayiyo, namwa. Anameza anthu akumva.

Sanachite kamodzi kuti anthu aone. Anachita zaka zisanu, Mgonero uliwonse, kanayi pa chaka. Masabata ena onse ankakhala kumanja pamalo awo, koma tsiku la Mgonero ankalowa n'kulunjika kumanzere, kumbuyo. Abambo ankawaseka kuti tsopano atsala kusoketsa bulauzi yoyera n'kumabwera Lachinayi. Iwo ankayankha kuti akanabwera, kungoti kuimba kwa Lachinayi nakonso n'kothamanga. Abusa ena atsopano anayesa kuwabweza kumanja, akuti dongosolo la mpingo likusokonezeka. Anaperekezedwa kumsewu, ndipo sanabwerezenso. Ndinaonanso kuti kuyambira chaka chimenecho kabuku kaja kankatuluka m'thumba mwa apo ndi apo. Akafuna kuphunzitsa ankanena m'chilankhulo chathu mpaka tonse titamva, ndipo liwu la Chigiriki linkabwera kumapeto, mwachangu, kapena osabwera n'komwe.

Zinthu zina zinasintha. Matimati anayambanso kugulidwa. Dimba likadali la amake Dalitso, ndipo apongozi awo anamwalirira m'manja mwawo. Iwo eni ali moyo, akulima, ana akula. Ngati ali ndi matenda kapena alibe, ine sindidziwa ndipo sindinafunsepo. Koma pa benchi sanasunthe. Palibe mayi amene anawaitanapo kuti abwere kutsogolo, ndipo popeza aNjobvu analipo, mpingo unazolowera kuona ngati nkhaniyo inakonzedwa. Munthu mmodzi ankatisenzera tonse, ife n'kumayenda manja ali m'thumba.

ANjobvu anayamba kudwala mu Meyi chaka chino, kuzizira kutangoyamba. Anagona ku chipatala masabata awiri, nabwerera kwawo, namwalira m'mawa wina dzuwa litatuluka, mwana wa mlongo wawo akuwaphikira phala. Ndipo malirowo asanaikidwe n'komwe, ndinamva ndi makutu anga anthu awiri, onse odya Mgonero, akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe kuti nanga munthu womwera pamenepo zaka zisanu ankayembekeza chiyani. Chikho sichipatsira munthu matenda amenewo, anamwino anatiuza kangapo pabwalo lomweli. Kalata ya ku chipatala yonena chimene chinawapha ndili nayo m'bokosi. Usiku ndi usana dzanja langa lakhala likufuna kuitulutsa kuti nditseke pakamwa pa anthu amenewa. Sindiitulutsa, ndipo sindilemba pano zimene ikunena. Mwini wake anakana kuyankha funso limenelo pa mnzake atagwira bolodi, ndipo ine sindiyankha pa iye ali m'manda.

Kwa mkulu uja wa pamanda ndalembera kalata, ndi mawu onse a tsamba lija okopedwa bwino, ndipo kope lake ndasunga. Sanayankhe.

Mwezi wathawu tinadya Mgonero woyamba aNjobvu kulibe. Woyendetsa chikho kumanzere ndinali ine. Chinayenda benchi ndi benchi mpaka kumbuyo. Amake Dalitso analandira ndi manja awiri, anamwa, natembenukira kukhoma monga anazolowera, chikho chili m'mwamba. Anachigwira choncho kanthawi. M'tchalitchimo munali anthu oposa amene anali pamaliro, ndipo palibe anasuntha. Kenaka anachitsitsa, anagwira nsonga ya chitenje, napukuta mlomo wa chikho mozungulira, mosamala, n'kundipatsa. Ndinali nditamwa kale kumanja. Ndinachilandira, ndinakachiika pa gome, ndipo abusa anayambitsa nyimbo.

Benchi imeneyo ndi thabwa limodzi la mukwa lokhomedwa pa zitsa ziwiri, pansi pa windo lakumadzulo. Kumapeto kwake, kukhoma, laimu anachoka pamene aNjobvu ankatsamira phewa, ndipo pa simenti pali kadzenje kamene nsonga ya ndodo yawo inakumba pang'onopang'ono. Kumanzere kumadzaza msanga masiku ano. Amayi ena amaimirira pakhomo ana ali kumsana, ena amayala zitenje pansi m'kanjira. Koma pakati pa amake Dalitso ndi khoma pamatsala malo okwana munthu mmodzi, ndipo sipaikidwa ngakhale kachikwama. Ndikafunsa amandiuza kuti akulemekeza malemu.